Phunziro: Anthu Otchuka a ku Mulanje

Nditafunsa za anthu otchuka a mumzinda wa Manchester ku England, ambiri mwa inu munatchula Marcus Rashford, wosewera mpira amene anabadwira kumeneko mu 1997. Lero tisakasaka a kwathu kuno. Tikamati munthu ndi wa dera lakutilakuti, timatanthauza zinthu zitatu: anakulirako, kapena anthu akeko anamusankha kuti awayimirire, kapena anagwirako ntchito yosiya dzina.

Wokulira kuno ndi Dr. Michael Usi. Makolo anu amawadziwa ndi dzina loti Manganya, chifukwa cha sewero la Tikuferanji limene linkaphunzitsa za Edzi ndi makhalidwe kwinaku anthu akuseka. Anagwira ntchito ku bungwe la ADRA asanalowe ndale, ndipo mu Juni 2024 analumbiritsidwa kukhala wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko, Dr. Saulos Chilima atamwalira pa ngozi ya ndege.

Osankhidwa ndi anthu alipo ambiri: Brown Mpinganjira, amene anamangidwapo m'nthawi ya Kamuzu nadzapikisana nawo pa upulezidenti mu 2004, Patricia Kaliati, amene anali mphunzitsi asanapite ku Nyumba ya Malamulo mu 1999, George Chaponda ndi Kondwani Nankhumwa. Andale sachedwa kumveka, popeza wailesi imawatchula tsiku ndi tsiku.

Gulu lachitatu ndilo latiyandikira ife a pa Chambe. Mu 1891, Alexander Whyte wa ku Scotland anakwera phiri lathu kukatola zomera, ndipo mkungudza unapatsidwa dzina la sayansi lochokera kwa iye, Widdringtonia whytei. Fred France, woyang'anira nkhalango, anakokoloka ndi madzi mu 1949 akuperekeza mlembi Laurens van der Post, ndipo kanyumba kena pamwamba pa Chambe kamatchedwa dzina lake. Koma azunguwa sanayende okha. Panali amtengatenga osenza mahema ndi ufa pamutu, opanda nsapato, odziwa pamene mwala umaterera chiperoni chikatsika. Mabuku ambiri amangowatchula ngati gulu. Ine ndimaona kuti pamenepa mbiri inalembedwa mokondera, chifukwa njira za m'phirimo anazidziwa ndi iwowo.

Ntchito yokachita kunyumba: funsani agogo kapena a mfumu za munthu mmodzi wa m'mudzi mwanu, kaya mzamba, wovina tchopa kapena wolondolera alendo kuphiri. Lembani dzina, ntchito yake ndi zaka zimene ankagwira, mubwere nazo Lolemba.