Chimbale chili mkati, koma kompyuta ikuti mulibe kanthu

Lachiwiri la sabata yachitatu ya teremu ino, amayi a ku ofesi ya ahedi anabwera ku labu ya makompyuta atanyamula chimbale mu envulopu. Mtsikana wina amene anamaliza Fomu 4 pasukulu pano zaka zingapo zapitazo anali atapeza malo ku koleji ya unamwino, ndipo kolejiyo inkafuna kalata yosonyeza malikisi ake kuyambira Fomu 1. Tsiku lomaliza kupereka kalatayo linali Lachisanu. Mabuku a malikisi a zaka zimenezo chiswe chinawadya kalekale m'chipinda chosungiramo katundu, ndiye chimene chinatsala ndi CD-R imodzi imene aphunzitsi ena, omwe anasamuka, anakoperapo mafayilo. Amayiwo ataiika mu kompyuta ya ku ofesi, kanyale ka kutsogolo kanaphethira, mkati munamveka phokoso kwa kanthawi, kenako zii. Windows inangowauza kuti aike chimbale, chimbalecho chili momwemo.

Ife a kalabu ya makompyuta tinalimbana nacho masana awiri pamodzi ndi aphunzitsi athu a Computer Studies. Tisanagwire chilichonse, anthu atatu anali atanena kale kuti, "Drive yafa, gulani ina." Koma drive yatsopano sikanafika Lachisanu lisanakwane, komanso panalibe amene anali ndi umboni woti vuto linali pamenepo. Chimbale chikakanika kuwerengeka, vuto limatha kukhala pa chimbalecho, mu drive, pa nthambo zake, kapena mu Windows, ndipo pa sikirini zonsezi zimaoneka pafupifupi chimodzimodzi. Ntchito yagona pa kusintha chinthu chimodzi pa nthawi imodzi mpaka chimene chalakwika chidziwike. Anzathu a Fomu 3 ndi Fomu 4, izi ndi zija mumalemba m'makope pa mutu wa zipangizo zosungira zinthu, kungoti apa panali munthu amene ankadikirira.

Zimene zimachitika thireyi ikatsekeka

CD inayamba kugulitsidwa mu 1982, makampani a Philips ndi Sony atagwirizana za kapangidwe kake. Ndi pulasitiki yokhuthala mamilimita 1.2, ndipo ma CD ambiri amasunga ma MB 700. Zolembedwa zake zili pa mzere umodzi wokha umene umayambira pafupi ndi bowo la pakati n'kumazungulira kupita kunja, monga mmene oluka chipewa cha mlaza amayambira pakati. Mutauwongola, mzerewo ungapitirire makilomita 5. Pa mzerewu pali timaenje tosaoneka ndi maso. Drive imazungulitsa chimbale n'kuwalitsa laser kudzera pa kagalasi kakang'ono ngati njere ya mphodza. Kuwalako kumagunda kachitsulo kopyapyala konyezimira n'kubwerera, ndipo kusinthasintha kwa kuwala kobwererako ndiko kumasandulika ma 0 ndi ma 1.

Choyamba chimene drive imafunafuna ndi kamndandanda ka zamkatimu, kamene kali koyambirira kwa mzere, pafupi ndi bowo. Ikalephera kukawerenga, kompyuta imati mulibe chimbale ngakhale mbali ina yonse itakhala yabwinobwino. N'chifukwa chake chidindo cha chala cha mafuta a mandasi pafupi ndi bowo chimatha kulepheretsa zonse, pamene kukalika kwa kumphepete mwina kungangowononga fayilo imodzi.

Chinanso chimene ambiri sadziwa n'chakuti mu drive ya DVD muli ma laser awiri. Ya CD, utali wa funde lake, uja mu Physics timati wavelength, ndi ma nanomita 780. Ya DVD ndi yofiira, ya ma nanomita 650, ndipo pakuti kadontho kake n'kakang'ono imawerenga timaenje tothinana kwambiri, n'chifukwa chake DVD imasunga ma GB 4.7 pa chimbale chofanana kukula ndi CD. Blu-ray imafuna laser ina, ya ma nanomita 405. Ndiye drive ya CD yokha singawerenge DVD, ya DVD singawerenge Blu-ray, ndipo palibe pulogalamu imene ingasinthe zimenezi. Musanatuluke thukuta, werengani zimene zalembedwa kutsogolo kwa thireyi. Komanso laser imodzi ikhoza kufooka inzake ikadali yamphamvu, drive n'kumawerenga mtundu umodzi wa zimbale n'kumakana winawo.

Tinayamba ndi chimbale

Tinachipendeketsa pa windo. Kunsi kunali zidindo za zala ndi tizikalo tochepa. Tinachipukuta ndi kansalu kofewa konyowetsa pang'ono ndi madzi oyera, kuchokera pa bowo kulowera kumphepete, molunjika. Musamapukute mozungulira. Chimbale chinapangidwa moti drive imatha kukonza yokha zolakwika zing'onozing'ono, ndiye chikalo chodutsa mzere mopingasa chimangobisa kachigawo kochepa kamene drive ikhoza kubwezeretsa, koma chikalo chotsatira mzere chimafufuta gawo lalitali nthawi imodzi. Malaya a yunifomu ndi tishu sizoyenera, zimakala.

Titachitembenuza tinada nkhawa. Wina analembapo chaka ndi bolopeni, mosindikiza kwambiri. Anthu amasamala kunsi kwa CD poganiza kuti ndiko kuli zolembedwa, pamene zili kumwamba, pansi penipeni pa utoto wopyapyala wa mbali yolembapo dzina. Kunsi kuli pulasitiki yokhuthala yoziteteza, kumwamba kulibe. DVD ndi yosiyana, zolembedwa zake zili pakati pa mapulasitiki awiri a mamilimita 0.6 iliyonse. Titayang'ana chimbalecho moloza kowala, pa chilembo chimodzi panaoneka kabowo kolowa kuwala. Pamenepo kachitsulo konyezimira kanali katachoka.

Chitauma tinachibwezera mu kompyuta ya ku ofesi. Chinakanabe. Apa m'pamene tinayamba kuyesa drive ndi zimbale zimene tinkadziwa kuti zimagwira. DVD ya maphunziro a Biology inatseguka nthawi yomweyo. CD ya ku fakitale, imene inabwera ndi printa, inatseguka drive itavutika kwa kanthawi, ikumveka kuyamba n'kusiya, kuyamba n'kusiya. CD-R ina imene tinakopera tokha chaka chatha inakanidwa ngati ya malikisi ija. Zimenezi zinatiuza zambiri. Magetsi akufika, nthambo zili bwino, Windows ikuiona drive, laser ya DVD ili moyo. Mbali ya CD ndiyo yafooka, kapena kagalasi kadzadza fumbi.

CD-R ndiyo imayamba kukanidwa chifukwa ilibe timaenje tenitenti. Ili ndi utoto wapadera umene laser yolemba imawotcha timadontho. Utotowo ukamakalamba, makamaka ukamakhala padzuwa kapena potentha, malo owotchedwa ndi osawotchedwa amayamba kufanana, ndipo laser yotopa siwasiyanitsanso. Tinaganiza zosatsegula kaye drive ya ku ofesi. Kunali kwapafupi kupita nacho chimbale ku kompyuta ina.

Kompyuta yachiwiri inali ndi matenda ake

Mu labu mwathu, makompyuta awiri okha ndi amene ali ndi drive. Yoyamba thireyi yake sinkatuluka n'komwe. Tinawongola kawaya kopanira mapepala n'kukalowetsa pa kabowo kakang'ono kamene kali kutsogolo kwa ma drive ambiri, thireyi n'kutuluka, koma kanyale sikanayake. Titazimitsa, kuzula pulagi kukhoma ndi kugwira chitsulo cha bokosi kuti magetsi a m'thupi mwathu asawononge zamkati, tinapeza nthambo ya magetsi ya drive italendewera. Drive ya SATA ili ndi nthambo ziwiri, yaing'ono ya mapini 7 yonyamula uthenga ndi yotambalala ya mapini 15 ya magetsi. Tinaibwezera, drive inadzuka, koma inkalira ngati chigayo ndipo sinawerenge chimbale chilichonse. Imeneyo tinavomereza kuti yatha.

Yachiwiri thireyi inkatuluka ndi kulowa bwinobwino, chimbale chinkamveka kuzungulira, koma mu This PC drive sinkaoneka, ngati kuti kompyutayo inabadwa yopanda. Funso apa linali lakuti: kodi ndi makina amene sakuiona, kapena ndi Windows yokha? Yankho limapezeka mu BIOS, chifukwa BIOS imadzuka Windows isanayambe. Poyatsa kompyuta mumadina F2, Del kapena F10 malinga ndi mtundu wake. Dzina la drive tinalipeza pa mndandanda. Ndiye nthambo zinalibe mlandu.

Titabwerera mu Windows tinadina batani la Windows pamodzi ndi R, n'kulemba devmgmt.msc kuti titsegule Device Manager. Pansi pa DVD/CD-ROM drives panali dzina la drive lili ndi kachizindikiro kachikasu, ndipo mu Properties munalembedwa Code 39. Njira yoyamba ndi yosavuta: kudina Uninstall device, kuzimitsa n'kuyatsanso, kuti Windows iilandire drive ngati mlendo watsopano. Nthawi zambiri zimathera pomwepa. Kwa ife kachizindikiro kanabwereranso.

Gwero lake linali pulogalamu yokopera zimbale imene wina anaikamo kale n'kuichotsa mosalongosoka. Mapulogalamu otere amalembetsa mayina awo mu Registry kuti uthenga uliwonse wopita ku drive uzidutsira kwa iwo. Pulogalamu ikachoka dzina n'kutsala, Windows imafunafuna chinthu chimene kulibe, ndipo imasiya drive yonse. Kampani ya Microsoft inafalitsa yokha njira yokonzera zimenezi pa ma Code 19, 31, 32, 39 ndi 41. Mumatsegula regedit, kupita ku HKEY_LOCAL_MACHINE, SYSTEM, CurrentControlSet, Control, Class, n'kupeza foda imene dzina lake likuyamba ndi 4D36E965. Kudzanja lamanja mumafufuta UpperFilters ndi LowerFilters basi.

Apa tinawasiyira aphunzitsi mpando, ndipo tikupempha kuti nanunso muzitero. Mu Class muli mafoda ambiri a mayina ofanana kwambiri, osiyana nambala imodzi yokha, ndipo ena ndi a kiyibodi kapena a hard disk. Mukafufuta pa foda yolakwika, kompyuta ikhoza kukana kuyaka kapena kiyibodi n'kusiya kugwira. Aphunzitsi anayamba adina Export kuti asunge mmene zinalili, anawerenga nambala ija kawiri mokweza ife tikutsatira ndi chala pa sikirini, kenako anafufuta. Kompyuta itayakanso, drive inaoneka ili ndi chilembo E. Nthawi zina Device Manager imaonetsa kuti zonse zili bwino koma drive osaonekabe mu This PC. Zikatero tsegulani diskmgmt.msc muone ngati ili ndi chilembo, ndipo ngati ilibe, ipatseni.

Tinenepo pang'ono za ma DVD a mafilimu, pakuti ambiri mumatifunsa. Chimbale chikamaoneka mu This PC koma filimu osaseweredwa, drive ilibe vuto. Kuyambira pa Windows 8, Windows simabweranso ndi chosewerera ma DVD a mafilimu, ndiye pamafunika pulogalamu monga VLC, imene ndi yaulere. Komanso ma DVD ena ogulidwa m'sitolo ali ndi nambala ya chigawo cha dziko lapansi. Malawi ali m'chigawo 5, pamene South Africa ndi Britain ali m'chigawo 2, ndiye chimbale chimene achimwene anabweretsa kuchokera ku Johannesburg chikhoza kukana. Chigawo cha drive chimasinthidwa mu Device Manager, koma kasanu kokha, kenako chimakhazikika pa chomalizacho mpaka kalekale. Musamasinthe mwamasewera.

Lachitatu cha m'ma 4 koloko

Tinaika chimbale cha malikisi mu drive imene inali itangodzuka ija. Inazungulira nthawi yaitali kuposa mmene tinkayembekezera, aliyense ali chete, kenako mafoda asanu ndi limodzi anaoneka pa sikirini. Mnzathu wina anafuna kutsegula fayilo pomwepo kuti aone ngati dzina la mtsikana uja lilimo. Aphunzitsi anamugwira dzanja. Chimbale chokalamba chikalola kuwerengeka, choyamba ndi kukopa zonse kupita pa hard disk, chifukwa palibe amene akudziwa ngati chidzalolanso mawa. Tinakopa foda imodzi imodzi, kuti ina ikakanika isaimitse zinzake.

Mafoda asanu anadutsa. Yomaliza inaima pakati, drive ikubwerezabwereza malo amodzi, mpaka Windows inalemba uthenga wa cyclic redundancy check, kutanthauza kuti zimene yawerenga sizikugwirizana ndi nambala yotsimikizira imene inasungidwa pamodzi nazo. Tinayesa katatu, kenako tinakopa mafayilo a mu fodayo limodzi limodzi. Awiri anakana ndithu. Tikukhulupirira kuti anali pansi pa kabowo ka bolopeni kaja, ndipo kachitsulo kakachoka palibe chopukuta chimene chingakabwezere. Malikisi a mtsikana uja anali m'mafoda amene anadutsa. Lachinayi m'mawa amayi a ku ofesi anasindikiza kalata, ahedi anasaina, ndipo bambo ake anadzaitenga masana omwewo.

Drive ya ku ofesi tinaitsegula Loweruka, itazulidwa kumagetsi. Musamayang'ane kagalasi drive ili yoyaka, chifukwa laser ya CD sioneka bwino ndi maso koma ikhoza kuwononga diso. Mkati munali fumbi la choko ndi la m'chilimwe. Tinapukuta kagalasi mopepuka ndi kathonje kapamtengo konyowetsa ndi sipiriti wa isopropyl, osati sipiriti wachikuda uja wa mu labu ya sayansi, amene amasiya utoto. Pa laputopu ntchito imeneyi ndi yosavuta chifukwa kagalasi kamatuluka pamodzi ndi thireyi. Titaibwezera, inayamba kuwerenga CD-R yathu ya chaka chatha, koma ya malikisi imailola lero n'kuikana mawa. Fumbi linali gawo chabe la vuto, laser nayo yatopa. Ofesi yaganiza zogula drive yolumikiza pa USB, ndipo zimbale zina zakale zimene zinapezeka mu kabati tikuzikopera pa hard disk ndi pa ma flash awiri Lachisanu lililonse tikaweruka.

Mafayilo awiri amene anatayika ndi a malikisi a Fomu 2, teremu yachiwiri ndi yachitatu, a kalasi imene inali patsogolo pa mtsikana uja ndi chaka chimodzi. Ofesi ili ndi mayina a onse amene akukhudzidwa ndipo yayamba kutumiza uthenga kumakwawo. Ngati muli ndi achimwene kapena achemwali amene anaphunzira pano nthawi imeneyo, afunseni ngati anasunga ma lipoti awo, ndipo mubwere nawo ku ofesi teremu isanathe kuti tiwalembenso.