Kupopera fodya ku Chisemphere: zoyenera ndi zosayenera

M'zaka za m'ma 1980, kampani ya ICI ya ku Britain inkagulitsa kwa alimi a thonje mu Africa sipuleya yotchedwa Electrodyn, imene anaipanga Ronald Coffee. Inalibe mpope ndipo sinkalira madzi. Mphamvu ya mabatire a tochi inkakwezedwa kufika mavoti pafupifupi 25,000 pakamwa pa botolo la mankhwala. Mphamvuyo inkakoka mankhwala a mafuta kukhala tiulusi topyapyala, tiulusito n'kuduka timadontho tofanana kukula. Timadonthoto tinkakankhana poti tinali ndi magetsi amtundu umodzi, koma chomera, chozikika m'nthaka, chinkatikoka mpaka kunsi kwa tsamba. Makinawa anasiya kupangidwa. Sipuleya yathu yobereka kumsana ilibe magetsi, ndiye ntchito yonseyo yatsalira dzanja la mlimi.

Zoyenera: Yang'anitsani nozulo m'mwamba, mankhwala alowere kunsi kwa masamba ndi kunsonga. Vundukulani tsamba lanthete la fodya wa bale muone: nsabwe zili mbwee m'mbali mwa mtsempha, zikuyamwa mwakachetechete.
Zosayenera: Kuwaza pamwamba pokha uku mukuthamanga. Munda umaoneka wonyowa koma nsabwe osakhudzidwa.

Zoyenera: Samalani kukula kwa dontho. Apa ndi pamene pagona nkhani, ndipo ambiri sitiganizirapo. Dontho likachepa ndi theka m'lifupi mwake, madzi omwewo amatulutsa madontho ochuluka kasanu ndi katatu, tsamba n'kukutidwa bwino. Koma likachepetsetsa limasanduka nkhungu youluzika. Choncho pompani mofanana osalekeza. Pa tizilombo gwiritsani nozulo yowaza mozungulira. Yowaza mophwatalala ija ndi ya mankhwala a udzu.
Zosayenera: Kutokosa nozulo ndi waya kapena singano kuti "izitulutsa kwambiri". Bowo likakula, madontho amanenepa, amagubuduka patsamba n'kugwera pansi. Zimandipweteka mtima kuona mankhwala otenga pangongole akuthera pamzere. Nozulo yotsekeka itsukeni ndi madzi ndi kaudzu kofewa. Kuuzira ndi pakamwa ndiye ayi ndithu.

Zoyenera: Poperani m'mawa mame atangouma, kapena madzulo dzuwa litapendeka, mphepo ili yochepa ndipo ikuchotsa nkhunguyo kwa inu.
Zosayenera: Kupopera masana dzuwa lili paliwombo, makamaka mu Okutobala tikamasamalira nazale. Timadontho timauma tisanafike patsamba, ndipo m'chigwa cha Kasungu mphepo siichedwa kutikankhira m'dimba la masamba la mnzanu. Mvula ikamalendewera, dikirani.

Zoyenera: Sefani madzi ndi nsalu musanathire m'sipuleya, ndipo yezani mankhwala monga alembera pabotolo.
Zosayenera: Kuyeza ndi maso, kapena kutsukira sipuleya pachitsime cha kudambo pomwe amayi amatunga ndi ng'ombe zimamwera.

Zoyenera: Gulani mankhwala ovomerezedwa ndi Pesticides Control Board, ndipo funsani alangizi a ARET za mankhwala oyenera pa fodya ndi nthawi yolekera kupopera musanayambe kuthyola. Ogula ku msika wa fodya wa Chinkhoma safuna tsamba lotsalira mankhwala. Valani magolovesi, jombo, malaya aatali manja ndi chotchinga kukamwa ndi mphuno.
Zosayenera: Kugula a m'botolo lopanda chizindikiro pa tsiku la msika, kapena kuberekesa mwana sipuleya. Chivindikiro chikamadontha, mankhwala amayenderera pamsana wa thukuta n'kulowa m'thupi kudzera pakhungu.