Mwana akachedwa, inu musachedwe

Ana anga amene mwangoyamba mabanja kuno ku Chiponde, chenjerani ndi mawu okoma aja akuti "musiyeni, nthawi yake ikakwana adzayenda." Agogo amawanena ndi mtima wabwino, ndipo nthawi zina amalondola. Koma mwana akakwana miyezi 9 asakukhala pansi yekha, miyezi 18 asakuyenda, kapena zaka ziwiri asakulumikiza mawu awiri ngati "amama madzi", nthawi yodikira yatha. Pitani naye kusikelo, ndipo musangomuyezetsa n'kubwerako. Auzeni alangizi a zaumoyo zonse zimene mwaona, osachita manyazi.

Musati miyezo imeneyi ndi yachizungu. Njira younikira kakulidwe ka ana yotchedwa MDAT, imene inatuluka mu 2010, inapangidwa poona ana a kumudzi a m'Malawi muno. Ili ndi zinthu 136 zoona momwe mwana akuyendera, kugwirira zinthu, kuyankhulira ndi kukhalira ndi anzake.

Zochedwetsa mwana zambiri n'zodziwika. Ena amabadwa masiku asanakwane, ena amabadwa movutikira osalira msanga, ena chikasu chimawagwira m'masiku oyambirira, ena ndi kunyentchera. Kuno kwathu onjezanipo malungo a muubongo: mwana amatsitsimuka, tonse n'kuthokoza Mulungu, koma ena amatsala ndi khunyu, kusamva, kapena kuiwala zimene ankatha kale. N'chifukwa chake neti ndi katemera wa malungo, amene anayamba kuperekedwa m'dziko muno mu 2019, sizochitira mphwayi.

Chimene chimandiwawa ndi milandu. Bambo akakhala ndi geni yoyenda bwino paboda, anthu amati anakhwimira mwana wake. Akakhala ku Joni, akuchimuna amaloza mayi kuti anasempha mwana. Ndalama imene ikanakufikitsani ku chipatala chachikulu ku Mangochi imathera kowombeza, banja n'kugwedezeka, mwana ali chigonere pamphasa kuseri kwa nyumba. Mlandu wotere ulibe wopambana. Winanso amati mwana wasokonezeka ndi Chiyao cha pakhomo, Chichewa cha pamsika ndi Chipwitikizi cha ku Mandimba. Ayi, zilankhulo zambiri sizitseka mwana pakamwa. Yambani mwayezetsa makutu, makamaka ngati amatuluka mafinya.

Achipatala akakuonetsani mafizo, dziwani kuti iwo amuona kamodzikamodzi, ntchito yeniyeni ili m'manja mwanu tsiku ndi tsiku. Mwana wolobodoka khosi musamudyetse chagada, amatsamwa. Mukhazikeni tsonga, phala likhale lolimbirapo, supuni iziyenda pang'onopang'ono. Mukhazikeni pangodya mutamutchinjiriza ndi zitenje, kapena kalipentala akukhomereni kampando kotsamira, azikhala pabwalo pamene anzake akusewera. Muziyankhula naye posinja, posamba, potunga madzi, ngakhale asakuyankheni, ndipo mukamufunsa kanthu dikirani, musamuyankhire. Wakhunyu azimwa mankhwala osadumphitsa, asamakhale yekha pafupi ndi moto kapena madzi. Akagwa mugonekeni cham'mbali, osamuika kanthu m'kamwa. Khunyu sapatsirana.

Sindikulonjezani kuti aliyense adzafanana ndi anzake. Ena adzayenda mochedwa, ena adzafuna njinga ya olumala moyo wonse. Koma kugwira yekha kapu, kapena kunena kuti akufuna kuchimbudzi, n'kupambana kwakukulu kwa iye ndi kwa womulera. Msinkhu ukakwana, kamulembetseni kumkombaphala, kumadrasa ndi kusukulu ngati mwana wina aliyense, ndipo funsani za PODCAM, bungwe la makolo a ana aulumali, kuti musasenze nokha.

Inu anyamata muli ku Joni, ndalama ya sopo mumatumiza, tikuthokoza. Koma mukaimba pa WhatsApp musangofunsa ngati mwana wanenepa. Funsani chimene waphunzira mwezi uno, ndipo tsiku la mafizo likayandikira, tumizani ya thiransipoti mayi ake asanapemphe.