Za Ngalawa Imene Inakwera Ngalawa Inzace

Ana a kunyanja adziwa kuti mwala umene amuna anai alephera kuunyamula pamtunda, ukaikidwa bwino m'bwato, munthu mmodzi akhoza kuuolotsa ndi nkhafi. Madzi asenza zimene mutu wa munthu sungathe kusenza. Cifukwa cace makina olemera, monga a m'migodi, okonzera miseu ndi omangira maulalo, ayenda ulendo wao wautali pa nyanja ya mcere. Koma dziko la Malawi liribe dooko pa nyanja ya mcere, ndipo bvuto la katundu wace liyamba pomwe madzi athera. Mbiri ya ngalawa ina ionetsa umo zinakhalira kale.

M'caka ca 1895 Bishopu Chauncy Maples wa ku Likoma anamira m'nyanja, ngalawa yace ya matanga itagubuduzika ndi namondwe. Anzace a mishoni ya U.M.C.A. anapangana kumanga ngalawa yaikuru ya nthunzi, ikhale cikumbutso cace. Masiku amenewo kunyanja kunalibe malo osulira zitsulo zazikuru zotere. Motero nchitoyo anaipereka kwa Alley ndi McLellan, amisiri a ku Glasgow m'dziko la Scotland, ndipo iwo anaitsiriza m'caka ca 1899. Utali wace wa ngalawayo unaposa mapazi 120.

Koma ikafika bwanji kunyanja? Mtsinje wa Shire uturuka m'Nyanja ya Malawi nukathira m'Zambezi, ndipo Zambezi akathira m'nyanja ya mcere. Wina angaganize kuti ngalawa ikadangokwera mitsinje iwiriyo. Iai, pakati pa Shire pali mathithi, monga a Kapichira, Mpatamanga, Tedzani ndi Nkula, pamene madzi agwa pa miyala ndi mkokomo. Palibe ngalawa ingapyole pamenepo.

Tsono amisiri aja anacita mwanzeru. Anamanga ngalawa yonse pamtunda, m'bwalo lao, nailumikiza ndi mabauti okha, kuti aone ngati ciwalo ciri conse cikhala bwino pa malo ace. Atakhutira, anadinda nambala pa citsulo ciri conse, naiphwasulanso. Ziwalo zonse zinakwana 3,481. Pambuyo pace anazibviika m'zinki wosungunuka, ndico citsulo cotuwa cija cokutira malata a denga ndi ndowa, kuti zisacite dzimbiri. Pamenepo anazimanga m'mitolo ndi m'mabokosi, nazilonga m'mimba mwa ngalawa yaikuru ya pa nyanja ya mcere. Momwemo ngalawa inakwera ngalawa inzace.

Kulonga zitsulo m'ngalawa ndi nchito ya luso. Zolemera zikhala pansi ndi pakati, zopepuka pamwamba, monga mwini bwato akhazika munthu wonenepa pakati, osati m'mphepete. Zonse zimangidwa ndi maunyolo ndi kutsekerezedwa ndi matabwa; pakuti mafunde akakula ngalawa ipendekeka uku ndi uku, ndipo citsulo colemera cikamasuka cikhoza kuboola nthiti za ngalawa, anthu onse nkuonongeka. Mdani wina ndiye mcere, umene udya citsulo msanga. Cifukwa cace makina apakidwa mafuta asanalongedwe.

Ngakhale kuli zoopsa zimenezi, ulendo wa pa nyanja ya mcere ndiwo unali wapafupi kuucita. Mailosi ace anali zikwizikwi, koma panalibe munthu wosenza kanthu pamutu. Katundu anafika ku Chinde, pa mathiriro a Zambezi m'dziko la Mozambique, limene linali m'manja mwa Apwitikizi. Pa Chinde madzi ngosaya cifukwa ca mcenga, ndipo ngalawa zazikuru zinkaima kunja, katundu natsitsidwira m'zazing'ono. Kucokera pamenepo zitsulo zija zinakwera Zambezi ndi Shire m'mabwato acitsulo aphanthiphanthi, okokedwa ndi ngalawa za nthunzi za mumtsinje, kufikira kunsi kwa mathithi.

Apa madzi analeka kuthandiza. Katundu wa masiku amenewo ankatsika kwa Katunga, pafupi ndi Chikwawa, nakwera phiri kunka ku Blantyre, natsikanso kufikira ku Matope, kumene Shire ayambanso kuyendeka. Ziwalo zambiri anazisenza amtengatenga pamutu ndi pa mapewa. Sinali nchito yacilendo, pakuti m'caka ca 1875 anthu anasenza momwemo Ilala yoyamba, ngalawa yaing'ono ya mishoni ya Livingstonia, kulambalala mathithi omwewo.

Koma panali cinthu cimodzi cosatheka kucigawa, ndico boyila, mphika waukuru wacitsulo m'mene madzi awira ndi kusanduka nthunzi yoyendetsa makina. Nthunzi ikankha ndi mphamvu yoopsa, ndipo mphika wace ukalumikizidwa molakwa, uphulika ndi kupha anthu. Motero anautumiza wathunthu monga unacokera kwa osula. Kulemera kwace kunali matani 11, ndiko kunena matumba a cimanga ngati 220, a makilogalamu 50 liri lonse.

Anaukhazika pa gareta wopangidwira nchito imeneyi, wa mikombero yacitsulo, ndipo amuna 450 a mtundu wa Angoni anamkoka ndi zingwe. Wodziwa masamu akagawa matani 11 kwa amuna 450, apeza kuti yense analandira ngati makilogalamu 25, ndiwo katundu wamba wa mtengatenga. Koma masamu sanena zonse. Katundu wa pamutu munthu amtula pamene wafuna. Gareta wotere pa citunda satulidwa, pakuti akamleka abwerera m'mbuyo. Potsika afuna anthu omgwira kumbuyo, angathawe ndi kuponda a kutsogolo. Pa mtsinje mikombero ititimira m'mcenga. Tsiku limodzi ankayenda mailosi ngati 3, mtunda umene mwana wa sukulu auyenda ora limodzi. Azungu anacita bwino kupanga gareta wolimba, koma cimene cinakweza boyila pa mapiri a Shire ndi misana ya amuna aja.

Zitsulo zitafika kwa Mponda, pafupi ndi Mangochi, amisiri anamasula mitolo kuti ayambe kumanga. Pamenepo anapeza coipa cimene palibe anaciganizira. Manambala aja anadindidwa zitsulo zisanabviikidwe m'zinki, ndipo zinki anawakwirira. Panali mulu wa ziwalo 3,481, zambiri zofanana maonekedwe, koma zosanena malo ao.

Munthu ataswa mbiya, nafuna kubwezera phale liri lonse pa malo ace, angamve pang'ono bvuto la amisiri aja. Mbale zacitsulo za ngalawa zisiyana pang'ono pokha: ina ipindika kwambiri, ina pang'ono, ndipo mabowo a ina ayenera kulingana ndi mabowo a inzace, kuti msomali wamoto ulowe. Panalibe njira ina koma kuyesa ndi kuyesanso, kunyamula citsulo, kucilinganiza, ndi kucibweza cikakana. Kuitanitsa zina ku Glasgow kukadatha miyezi yambiri ndi ndalama zambiri. Nyanja ya mcere, mitsinje iwiri ndi mapiri sizinaletse ngalawayo. Koma tizilembo tating'ono tobisika tinatsala pang'ono kuisandutsa mulu wa zitsulo pa gombe. Nchito yomanganso inatha zaka ziwiri, ndipo pa 6 June 1901 ngalawa ya Chauncy Maples inalowa m'madzi. Inatumikira mishoni zaka zoposa 50, ikuyenda ndi aphunzitsi, ophunzira ndi odwala pakati pa midzi ya m'mbali mwa nyanja.

Njira ya kwa Katunga inatha nchito pofika njanji. M'caka ca 1935 anatsiriza ulalo waukuru wa pa Zambezi ku Sena, ndipo sitima ya pamtunda inayamba kucokera ku Beira kufikira kunyanja. Ilala yaciwiri, imene inamangidwa ku Glasgow komweko m'caka ca 1949, inadzanso m'ziwalo. Koma kucokera ku Beira inayenda pa njanji kufikira ku Chipoka, ndipo itamangidwanso ku Monkey Bay inayamba nchito m'caka ca 1951.

Masiku ano makina okumbira nthaka ndi osalazira miseu atsikira ku Beira, ku Nacala, ku Dar es Salaam kapena ku Durban. Ena alowa m'ngalawa ndi kuturukamo pa mikombero yao. Ena aphwasulidwa nalongedwa m'mabokosi akuru acitsulo ochedwa makontena, a mapazi 20 kapena 40, ndi nambala yolembedwa kunja ndi utoto. Pa dooko makina okwezera atenga bokosi lonse nalikhazika pa lole. Katundu wolemera ngati boyila uja tsopano akwera citunda ca ku Chikwawa pa lole imodzi, nafika ku Blantyre tsiku lomwelo.