Musanalipire mnyamata wa pulogalamu ya pakompyuta

Mabanja a ku Vubwi amene amagula soya ndi mtedza kapena kugulitsa feteleza ayamba kutopa ndi kope la ngongole lothothoka masamba. Ndiye amaitana mnyamata wa ku Chipata kuti awapangire pulogalamu yosungira maakaunti. Nzeru yabwino, koma musapangane pakamwa pokha.

Lembani pangano ngakhale pa tsamba limodzi, musayinirane pamaso pa mboni. Mulembemo zimene pulogalamuyo izichita, tsiku lomaliza ntchito, ndi mtengo. Ndalama muzipereka pang'onopang'ono: kachigawo poyamba, kena mukaona ikugwira ntchito pafoni panu, kotsala mukaigwiritsa ntchito mwezi wathunthu. Mauthenga a Airtel Money kapena MTN musafufute, ndiwo umboni wanu.

Pamene ambiri amalirira ndi apa: mwini pulogalamu ndani? Lamulo la Copyright and Performance Rights Act la 1994 limateteza mapulogalamu a pakompyuta, choncho pangano linene poyera kuti mukamaliza kulipira, zonse n'zanu, ndipo akupatseni mapasiwedi ndi source code, zolemba zimene wina angakonzere pulogalamuyo ikavuta. Apo ayi, mnyamatayo akasamukira ku Lusaka n'kusintha nambala, mudzatsala ndi foni yosatsekuka, maina a angongole onse ali m'kati. Mainawo ndi manambala a alimi amatetezedwanso ndi Data Protection Act ya 2021. Muletseni mnyamatayo kuwapereka kwa wina.

Za msonkho, mufunseni TPIN yake ndi invoisi. Bizinesi ikamalipira ntchito yotere, ZRA imafuna kuti mudule 15 peresenti pa malipirowo ngati munthuyo akhala m'Zambia, kapena 20 peresenti ngati akhala kunja. Ife a m'malire tisamale, chifukwa wa ku Mchinji, ngakhale ndi mwana wa amalume, ndi wakunja. Ndalamayo ifike ku ZRA pofika pa 14 mwezi wotsatira. Muuzeni zimenezi musanagwirizane mtengo, kuti pasadzakhale mkangano pa tsiku lolipira.

Mukamuuza kuti azifika m'mawa uliwonse n'kumamulipira pamwezi, ameneyo si waganyunso. Ndi wantchito pansi pa Employment Code Act ya 2019, ndipo NAPSA ikuyembekezera zopereka zake.

Musanasayine, pitani ku ofesi ya ZRA ku Chipata ndi pepala lanulo mukafunse.