Mpeni Wouma Kapena Wopirira? Zoyenera Kutsata Musanagule Kapena Kusulitsa

Wosula mipeni aliyense amawadziwa madandaulo awiri awa. M'mawa kumabwera bambo wa pa butchala, mpeni ataukulunga m'nyuzipepala, kukamwa kwa mpeniwo kutabenthukabenthuka ngati mphika wakale. Madzulo kumabwera mayi wogulitsa nsomba. Wawo sunabenthuke, koma akuti asanamalize kutumbula chambo cha m'beseni limodzi wabuntha kale, tsiku lonse amangokhalira pa mwala wonolera. Onsewa akufuna mpeni wosabuntha komanso wosathyoka. Tsoka ilo, chitsulo sichipereka zonse ziwiri modzaza. Mukachiumitsa kwambiri kuti chisunge kuthwa, chimataya kupirira. Mukachifewetsa kuti chipirire nkhonya, chimabuntha msanga. Paja ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada.

Choncho mpeni wabwino ndi umene zofooka zake zili kumene ntchito yanu sifikako. Nazi njira zisanu ndi ziwiri zoupezera.

1. Yambani ndi ntchito, chitsulo chibwere pambuyo

Dzifunseni kuti mpeniwu uzichita chiyani masiku ambiri. Ntchito za mpeni zili m'magulu atatu. Pali kucheka: kudula nyama yopanda fupa, kusenda chikopa, kutumbula nsomba, kuduladula ndiwo zamasamba. Pali kusema: kusongola zikhomo, kupala mpini, kung'amba nsungwi za nkhokwe. Ndiye pali kukhapa: kutema nthambi, kudula mafupa a mbuzi pa chitsa, kuwaza tinkhuni.

Kucheka kumafuna mpeni wopyapyala ndi wouma. Kukhapa kumafuna wokhuthala ndi wopirira. Kusema kuli pakatikati. Ngati pa mndandanda wanu pali kucheka ndi kukhapa, musavutitse wosula. Mukufunika zida ziwiri, mpeni ndi chikwanje, ndipo nthawi zambiri ziwirizi zimatsika mtengo kuposa mpeni umodzi wodula umene akuutama kuti umatha zonse.

2. Siyanitsani kuuma ndi kupirira

Tikamati chitsulo n'cholimba timaphatikiza zinthu ziwiri zosiyana. Taganizani za mphika wadothi wowotchedwa bwino ndi ndowa yachitsulo. Mphika ndi wouma, simungaubonyole ndi chala, koma ukagwa umasweka. Ndowa ikagwa imangobonyoka, mawa mutungiranso madzi. Mphika wauma, ndowa yapirira.

Kuuma amakuyeza ndi makina a Rockwell, amene anatenga dzina kwa Hugh Rockwell ndi Stanley Rockwell a ku America. Makinawa amakanikiza nsonga ya dayamondi pa chitsulo ndi mphamvu yofanana ndi makilogalamu 150, n'kuona kuti yalowa motani. Zotsatira zake amazilemba ndi zilembo HRC. Zikwanje ndi nkhwangwa zambiri zimakhala pakati pa 50 ndi 56. Mipeni yambiri ya kukhitchini ya ku Germany imakhala cha pa 56 mpaka 58, pamene ya ku Japan imayambira pa 60 kupita m'tsogolo. N'chifukwa chake mpeni wa ku Japan umacheka tomato ngati lezala kwa nthawi yaitali, koma ukakumana ndi fupa umabenthuka.

Kupirira amakuyeza mwa njira ina, yotchedwa ndi dzina la Georges Charpy wa ku France: nyundo yolendewera imamenya kachidutswa ka chitsulo, n'kuona mphamvu imene yathera pokathyola. Pa chitsulo cha mtundu umodzi, nambala ya Rockwell ikamakwera, ya Charpy kawirikawiri imatsika.

Kwa mpeni wa ntchito zolemetsa, funani kuuma kwa pakati pa 56 ndi 59. Kwa mpeni wochekera wokha, 60 mpaka 62 ndi bwino.

3. Sankhani chitsulo mogwirizana ndi ntchitoyo

Chimene chimachititsa kuti chitsulo chiume ndi kaboni. Nambala za zitsulo wamba zimaulula kuchuluka kwake: 1095 ili ndi kaboni pafupifupi 0.95 peresenti, 1075 ili ndi pafupifupi 0.75, ndipo 5160 ili ndi pafupifupi 0.60 ndi chromium pang'ono. Chitsulo cha 5160 ndi chimene chimapezeka kawirikawiri m'masipuling'i a galimoto zazikulu. Chinapangidwa kuti chizipindika ndi kubwerera nthawi zosawerengeka pa msewu wa mabampu, choncho chimatulutsa zikwanje ndi nkhwangwa zabwino. Osula a kwathu kuno amene amasaka masipuling'i akale m'magalaja sakulakwitsa. Anzawo a ku Nepal amasulanso mipeni yawo yotchuka ya kukri kuchokera ku masipuling'i a malole.

Tupa yakale ili ndi kaboni wambiri. Imatulutsa mpeni wakuthwa kwambiri wosendera ndi wosemera, koma musaiyese chikwanje. Chitsulo cha konkireti ndi cha mafelemu a mawindo chili ndi kaboni wochepa. Ngakhale muchiwotche bwanji sichiuma mokwanira.

Zitsulo zina amazithira chromium wambiri kapena vanadium, zimene zimapanga timibulu touma kwambiri m'kati mwake totchedwa carbide. Chitsanzo ndi D2, imene ili ndi kaboni pafupifupi 1.5 peresenti ndi chromium pafupifupi 12 peresenti. Timibuluti timachedwetsa kubuntha, koma tikakula timakhala ngati miyala m'njerwa: mng'alu umayambira pamenepo. D2 ndi yabwino podula makatoni, zingwe ndi zikopa tsiku lonse. Pokhapa mafupa n'njosadalirika, ndipo kuinola pa mwala wa kumtsinje ndi chintchito.

Nanga dzimbiri? Chitsulo chosachita dzimbiri, chimene Harry Brearley anatulukira ku Sheffield mu 1913, chimafuna chromium wosachepera pafupifupi 10.5 peresenti. Ngati mumagwira ntchito kunyanja kapena mumadula zipatso zowawasa, ganizirani zitsulo monga 14C28N ya ku Sweden, AEB-L kapena 420HC, zimene timibulu take ndi tating'ono ndipo zimapirira ndithu. Zitsulo zamakono monga CPM 3V, kapena MagnaCut imene katswiri wa zitsulo Larrin Thomas anaikonza ndipo inatuluka mu 2021, zachepetsa mpata pakati pa kuuma ndi kupirira. Koma sizinautseke, mtengo wake ndi wokwera, ndipo zimafuna ng'anjo yoyeza kutentha molondola, osati makala ndi mvukuto.

4. Funsani za moto

Apa ndi pamene pagona nkhani. Sipuling'i yowotchedwa mwaluso imaposa chitsulo chodula chowotchedwa mwachisawawa. Chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere: mpeni ukhoza kunyezimira bwino kunja pamene m'kati munapsa kale.

Pa zitsulo wamba za kaboni, ntchito imayenda motere. Wosula amatenthetsa mpeni mpaka maginito ataleka kuugwira, zimene zimachitika cha pa madigiri 770, kenako amauonjezera moto pang'ono kufika cha pa 800 mpaka 830. Akapitirira kwambiri, mpaka chitsulo chitachita chikasu chowala, m'kati mwake mumakhala manjerenjere akuluakulu ndipo chimathyoka ngati chinangwa chouma. Ukafika pamlingo wake amaunyika msanga m'mafuta ofunda. Madzi amaziziritsa mwaukali kwambiri ndipo kawirikawiri amang'alula chitsulo cha sipuling'i. Mafuta ophikira amagwira bwino ntchitoyi. Oyilo wakutha wa galimoto utsi wake ndi woipa m'chifuwa.

Ukatuluka m'mafuta, mpeni umakhala wouma ngati galasi. Ukagwa pa simenti ukhoza kuduka pawiri. N'chifukwa chake pali gawo lachiwiri limene osula ena othamangira ndalama amalidumpha: kuufunditsa pa moto wochepa, pakati pa madigiri 180 ndi 230, kwa maola awiri, kuusiya uzizire, n'kubwerezanso. Wopanda uvuni amayang'ana mtundu pa chitsulo chopalidwa bwino. Mtundu wa udzu wouma ndi woyenera kukamwa kwa mpeni. Ukafika pa wobiriwira ngati thambo, cha pa madigiri 300, chitsulo chafewa kufika pa sipuling'i.

Wosula waluso amatha kupatsa mpeni umodzi mikhalidwe iwiri: kukamwa kouma, msana wofewa. Ena amanyika kukamwa kokha m'mafuta. Ena amaviika kukamwa m'madzi uku akuwotcha msana. Osula malupanga a ku Japan ankamata dothi lochindikala kumsana asananyike, kuti kuzizire mochedwa. Kwa mpeni wautali wokhapira, njira imeneyi ndi yothandiza kwambiri.

Choncho mukafika pa chipala funsani mwaulemu: "Amisiri, chitsulochi mwachichotsa ku chiyani? Mumanyika m'madzi kapena m'mafuta? Mukanyika, mumaufunditsanso?" Mmisiri wodziwa ntchito yake amakondwa ndi mafunso otere.

5. Gwirizanani za kukhuthala ndi kapendekedwe

Anthu ambiri amaimba mlandu chitsulo pamene cholakwa ndi kanoledwe. Mpeni wa kukhitchini umakwanira ndi msana wa mamilimita 2 kapena 3. Wa kutchire ndi kumunda umafuna 4 kapena 5. Kupitirira 6, mwanyamula chitsulo chotsegulira matayala. Sichithyoka, komanso sichidula, chimangong'amba mbatata.

Chofunika kwambiri ndi kapendekedwe ka kukamwa. Pochekera, nolani cha pa madigiri 15 mbali iliyonse. Pa ntchito zosakaniza, 20. Pokhapira, 25 kapena kuposerapo pang'ono, ndipo kukamwa kukhale kotukuka ngati kwa nkhwangwa kuti kumbuyo kwake kukhale nyama yochirikiza. Ngati mulibe choyezera, imikani mpeni chilili pa mwala, upendekeni theka, kenako thekanso. Mwafika cha pa madigiri 22.

Onaninso nsonga. Yosongoka ngati singano imaboola bwino koma ndiyo yoyamba kuthyoka. Ndipo pewani mano, mabowo ndi zokhoma zokongoletsa pafupi ndi chogwirira, chifukwa mng'alu umakonda kuyambira pa ngodya yakuthwa.

6. Yang'anani mchira ndi chogwirira

Mipeni yambiri sithyokera pakati, imathyokera pamene chitsulo chikulowa m'chogwirira. Kwa ntchito zolemetsa, mchira wa chitsulo udutse chogwirira chonse, matabwa awiri aupanikize uku ndi uku ndi misomali yofwanthula. Ngati mchira ndi wobisika m'mtengo, ukhale wotambalala ndi wautali, ndipo mapewa ake akhale okhota bwino, osati odulidwa ngodya. Mchira wowotcherera kawaya kumapeto ndi msampha. Mpeni wopinda, kaya ndi Okapi kapena wina wodula kuposa pamenepo, mphamvu yake yonse ili pa kamsomali kamodzi. Ndi wa m'thumba, si wowazira nkhuni.

7. Uyeseni musanaudalire

Bungwe la American Bladesmith Society, limene Bill Moran ndi anzake anayambitsa mu 1976, lili ndi mayeso otchuka. Mpeni wa wophunzira umayenera kudula chingwe cholendewera kamodzi n'kamodzi, kudula thabwa lochindikala kawiri, kumetabe ubweya wa pa mkono, kenako kupindidwa pa vaisi mpaka madigiri 90 osaduka. Dziwani kuti mpeni wopambana mayesowa umakhala utatha ntchito. Amayesa luso la wosula pa moto, ndipo inu simuyenera kuchita zimenezo ndi mpeni wanu.

Mayeso anu akhale ofatsa. Pititsani tupa yatsopano kukamwa mopepuka. Ikaterereka, chitsulo chauma. Ikaluma mosavuta ngati pa msomali, n'chofewa. Kenako semani mtengo wouma wolimba kwa mphindi zingapo, ndipo ngati ndi wokhapira, temani nthambi youma. Tsopano yang'anani kukamwa padzuwa ndi kuyendetsapo chikhadabo mosamala.

Chilonda cha mpeni chimakuuzani vuto lake. Ngati kukamwa kwapindikira mbali imodzi, chitsulo n'chofewa kapena mwanola mopyapyala kwambiri. Ngati kwabenthuka timabenthu, n'chouma kwambiri pa ntchitoyo, kapena chinapsa. Poyamba musathamangire kwa wosula: nolaninso mokweza kapendekedwe pang'ono, n'kuyesanso. Mipeni yatsopano yambiri imasiya kubenthuka ikanoledwa kawiri kapena katatu, chifukwa chitsulo cha kunja chimene makina anachitenthetsa chimakhala chachoka. Vuto likapitirira, wouma kwambiri akhoza kuufunditsanso. Wofewa ayenera kuuwotcha ndi kuunyika mwatsopano.

Mukaupeza wabwino, musauphe ndi manja anu. Makina onolera a magetsi akasintha mtundu wa kukamwa, ntchito yonse ya moto ija yawonongeka pamalopo, choncho nolani pa mwala wonyowa. Dulirani pa thabwa, osati pa simenti kapena pa mbale. Mpeni wa kaboni muziupukuta ukangotha ntchito ndi kuupaka timafuta, makamaka nyengo ya dzinja. Ndipo musauyese sikuludiraiva kapena chokanulira zitini.

Ngati mwafika poti musankhe mbali imodzi yolakwira, pa mpeni wa ntchito zolemetsa lakwirani kofewa. Mayi wa nsomba uja akhala pa mwala mphindi zisanu n'kubwerera ku beseni lawo. Bambo wa pa butchala ayenera kudya chitsulo chambiri kuti mabenthu athe, ndipo tsiku limene mpeni wawo udzaduke pakati, palibe mwala umene udzaulumikize.