Yankho kwa womvera wofuna kugula makaseti a D-VHS

Womvera wina amene watilembera akufunsa ngati n'chanzeru kugula makina ndi makaseti a D-VHS m'malo mwa zimbale zamakono za mafilimu, ndipo yankho lake n'lakuti zimenezi zikuyenera wosonkhanitsa zinthu zakale, osati wofuna kungoonera mafilimu. D-VHS ndi kaseti yooneka ngati VHS wamba koma yosunga zithunzi m'njira ya digito, yomwe kampani ya JVC ya ku Japan inatulutsa mu 1998, ndipo mu 2002 makampani monga Fox, Universal ndi DreamWorks anayamba kugulitsirapo mafilimu awo pa dzina la D-Theater. Zithunzi zake za mizere 1080 zinkaposa kutali za DVD, yomwe ku America inkaonetsa mizere 480 yokha, n'chifukwa chake ena amaitamandabe mpaka pano.

Vuto lagona pa ukalamba wake. Mafilimu a D-Theater analekeka mu 2004, zimbale za Blu-ray ndi HD DVD zinafika mu 2006, ndipo kampani ya Toshiba itasiya HD DVD mu 2008, msika unatsala m'manja mwa Blu-ray. Wogula lero amapeza makina ogwirapo kale ntchito, omwe mitu yake yowerengera imaperepeseka chifukwa tepi imaikhula nthawi zonse pamene ikuzungulira, pomwe zipangizo zokonzera n'zosowa, ndiponso kaseti yosungidwa pachinyezi imachita nkhungu yoyera m'mphepete mwa tepi. Womverayu akalimbikirabe kugula, aonetsetse kuti makinawo ali ndi chizindikiro cha D-Theater, pakuti opanda chizindikirocho sawerenga makaseti a mafilimuwo.